Mlandu wa Magemu a Lachisanu

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti ndine gogo wanji amene alendo amamupeza pakhonde, magalasi ali pamphuno, akuthamangitsa kagalimoto pa laputopu. Sekani, mano ndi anu. Koma poti ndapuma pantchito ndipo masiku akundichulukira kuposa zochita, ndati ndilembe mmene zinayambira, kuti mukadzamva anthu a ku Nsaru akunena kuti Anabanda anazengedwapo mlandu wa juga, musadzachite manyazi. Mlanduwo unalipodi, ndipo abambo anu anali m'gulu la oweruza.

1983 mpaka 1996: Kabudula ndi Namitete

Ntchito ndinayambira pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Kabudula. Ndinafika pa lole ya fodya, ndili ndi sutikesi yamalata, mphasa ndi ketulo. Ahedi a pamenepo, a Chibwe, anali munthu wamfupi wokonda ukhondo, moti ankayendera zikhadabo za aphunzitsi pamodzi ndi za ana. Mu ofesi mwawo munali taipi yakale imene inkangodya fumbi poti panalibe woidziwa. Atamva kuti ndinaphunzirako kutayipa ndisanapite kukoleji, anandipatsa mpando wawo womwe. Kuyambira tsiku limenelo mayeso a sukulu zonse zozungulira ankadutsa m'zala zanga. Choko chinkasowa, mapepala ankasowa, riboni ikauma tinkaidonthezera palafini kuti itipirire teremu ina. Sindinkadandaula, chifukwa ndinkakonda kulira kwa mabatani aja.

Nditakwatiwa ndinasamukira ku Namitete, kumene abambo anu ankagwira ukalaliki pa esiteti ina. Kumeneko ndi kumene mlongo wanga Yohane, amalume anu, anatipeza akuchokera ku Joni, atanyamula kasikirini kopanda mitundu ndi kabokosi kotuwa kamene ankati makina a magemu. Unkalowetsa kaseti pamwamba pa kabokosiko, n'kugwira kapadi ka mabatani m'manja, basi tianthu tayamba kuthamanga pa sikirini. Magetsi tinalibe. Zonsezi zinkayendera batire ya galimoto imene tinkakaitchajitsa kumsika pa njinga. Makaseti anali atatu: ya mpira, ya mpikisano wa magalimoto, ndi ya njerwa zogwa zimene unkayenera kuziyala bwino zisanafike kudenga.

Poyamba ndinati ndi zachibwana. Sabata isanathe ndinali nditapsereza nyemba kawiri. Abambo anu okha ndiwo sankayandikira, ankangodutsa ndi Baibulo m'khwapa akupukusa mutu. Chisangalalocho chinatha Lachinayi lina. Ndikuchokera ku chigwirizano cha amayi ndinapeza m'nyumba mukununkha waya wopsa, kabokosi kali zii. Wina anali atatembenuza mawaya a batire. Chisomo, iwe unakana mpaka misozi, koma kamtengo unakalawa ndithu. Makaseti ndinawakulunga m'chitenje n'kuwaika pansi pa sutikesi, ndipo kunena zoona, ine ndinalira maliro a kabokosi kaja kuposa inu ana.

2009: Nsaru

Zaka zinadutsa. Abambo anu anasiya ukalaliki n'kubwerera kwawo kufupi ndi Nsaru kukalima, kumene anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, kenaka membala wa komiti ya sukulu. Ine ananditumiza ku sekondale yoyendera ya komweko, monga zinkachitikira ndi aphunzitsi ambiri a pulayimale nthawi imeneyo. Chaka chimenechi anthu akufuna kwabwino anatipatsa makompyuta khumi ndi asanu ndi limodzi, akale ndithu, amene maofesi akunja anali atathana nawo. Ahedi athu, a Malunga, anafunsa m'chipinda cha aphunzitsi kuti ndani amadziwa kutayipa. Zala zonse zinaloza ine. Anandipititsa kukosi ya masabata ochepa ku Lilongwe, ndipo ndinabwerako ndili mphunzitsi wa makompyuta, ndikudziwa pang'ono kuposa ana anga a m'kalasi.

A Malunga anali munthu wabwino, koma wosunga zinthu mopitirira. Iwo ndi a komiti anagwirizana kuti tizigwiritsa ntchito makompyuta anayi okha, enawo asungidwire mtsogolo. Musawaseke. Tonsefe tinakula ndi wailesi za mabatire, zimene unkatsegula nthawi ya nkhani yokha n'kutseka kuti mabatire asathe. Nzeru yomweyo anaipititsa ku makompyuta, kuti ukamaigwiritsa ntchito imaperepeseka ngati sopo. Choncho khumi ndi awiri aja anafunditsidwa ziguduli za fodya, amayi a kumpingo n'kuluka tinsalu tokongola toika pamwamba. Alendo akabwera ankawalowetsa kuti aone ukhondo wake. Ana anauzidwa pa asembule kuti wowononga batani limodzi makolo ake adzalipira mbuzi. Mawu amenewo anagwira ntchito kuposa mmene eni ake ankafunira. Phunziro la makompyuta linali losakakamiza, ndipo ankabwera anyamata ochepa okha, nawonso n'kukhala manja ali kumbuyo. Ukauza mwana kuti adine batani, ankayamba wapukuta chala pamalaya, n'kuyang'ana kukhomo. Mtsikana sindinamuonemo ngakhale mmodzi.

Chakumapeto kwa chaka chotsatira kunabwera bwana wa ku ofesi ya maphunziro. Anayang'ana ziguduli, anayang'ana mabenchi opanda anthu, kenaka anatiuza mosapsatira kuti adzabweranso teremu yachiwiri ikamatha, ndi galimoto. Akadzapanda kupeza kalasi yodzaza, ya anyamata ndi atsikana omwe, yolembetsa phunziroli, makompyuta onse adzapita ku sukulu ina imene inkawalirira. Mtima wanga unawawa kwambiri. Ana a alimi amene ndinkawadziwa amayi awo ndi agogo awo anali pafupi kulandidwa chinthu asanachikhudze n'komwe, ndipo mphunzitsi wolephera kuwakopayo ndinali ine.

2010: Fulashi ya amalume anu

Nthawi imeneyi Yohane anali atabwerako ku Joni, akukonza mafoni pa Njewa. Nditamudandaulira, sanandiyankhe za sukulu. Anangofunsa ngati ndinkasungabe makaseti aja. Loweruka lotsatira anatsika minibasi pa Nsaru ali ndi fulashi m'thumba, n'kundipempha makiyi a chipinda chathu. Anagogoda mabatani pang'ono, ndipo mwadzidzidzi ndinamva kanyimbo kamene ndinali ndisanakamve chifere kabokosi kaja. Pa sikirini panali tigalimoto tathu ta ku Namitete, msewu womwe uja, ngodya yomwe ija imene ndinkagwerapo m'dzenje. Ndinakhala pansi pa benchi, manja ali pakamwa. Ndinamufunsa kuti kabokosi wakabisa pati.

“Palibe kabokosi, achemwali,” anatero. “Iyi amati emyuleta. Ndi pulogalamu imene imaphunzitsa kompyuta kudziyesa kuti ndi makina aja. Gemuyo sikudziwa kuti kwawo kunapsa. Ikuona ngati ili kwawo.”

Anandifotokozera kuti kaseti iliyonse ili ndi zolembedwa m'kati, ndipo zolembedwazo amazikopera kukhala fayilo. Emyuleta imawerenga fayiloyo, n'kuyankha monga mmene kabokosi kakadayankhira. Tsiku limenelo ndinasewera mpaka zala kuwawa, ndipo ndikubwerera kunyumba ndinali ndi ganizo.

Ndinalengeza kuti Lachisanu tikaweruka chipinda chikhala chotsegula, ndipo kuli mpira. Anyamata anabwera akuganiza kuti ndagula wachikopa. Ataona zimene zinali pa sikirini, mbuzi ija inaiwalika tsiku lomwelo. Koma ine sindinali wopusa. Lamulo langa linali lakuti wofuna kusewera ayatse yekha kompyuta, apeze yekha foda, atsegule emyuleta, asankhe fayilo, auze makina mabatani amene akufuna kuti akhale miyendo ndi mabuleki. Kenaka atayipe ndime imodzi yopanda cholakwa, ndiye akhale pampando. Mwana amene ankalephera kugwira tanthauzo la foda pa bolodi kwa miyezi anailoweza masana amodzi, poti mnzake anali kumbuyo akumukankha. Anayamba kuphunzitsana okha. Ine ntchito yanga inasanduka yoletsa ndewu.

Atsikana sankabwerabe. Ndinaitana mmodzi, Enelesi, wa Fomu 3, mwana wachete amene ankakhoza masamu. Anandiuza kuti amafuna, koma anyamata amadzaza pakhomo, ndipo iwo akachedwa kunyumba amakapeza mitsuko ikuwadikira. Ndinagawa pakati, makompyuta awiri akhale a atsikana okha, ndipo iwo aziyamba. Lachisanu loyamba anabwera atatu atagwirana manja. Mwezi usanathe Enelesi anagonjetsa katswiri wa anyamata pa mpikisano wa magalimoto, ndipo nthungululu zimene zinamveka m'chipinda muja zinatulutsa a Malunga mu ofesi. Anaima pakhomo, anaona ana akutayipa, anaona ena akusewera, n'kubwerera osanena kanthu. Ine ndinakutenga kukhala cheteko ngati chilolezo.

Yohane ankabwera mwa apo ndi apo ndi zatsopano. Magemu a makaseti ankayenda bwino, koma atabweretsa a makina a madisiki, amene anali aposachedwapa, makompyuta athu anatuluka thukuta. Osewera mpira ankayenda ngati ali m'matope a kudambo, mawu akuchita chibwibwi. Ndinati basi, apa ndiye pamapeto pa mphamvu zathu. Patapita miyezi anabwera ndi emyuleta yomweyo itakonzedwanso, ndipo mpira uja unathamanga. Kompyuta inali yomweyo, sitinasinthe waya ngakhale mmodzi. Ndinamufunsa kuti akukonza zimenezi ndani ndipo amawalipira zingati. Anati ndi anthu wamba a m'maiko osiyanasiyana, ambiri osadziwana nkhope, amene akaweruka kuntchito amakhala pansi n'kumafufuza mmene makina akale ankaganizira. Wina akapeza pamene palakwika amauza anzake, wina n'kukonza, onse kwaulere. Ndinati limenelo ndi dima ndithu, kungoti lopanda thobwa. Chimene chinandikondweretsa koposa chinali batani losungira pamene wafika. Kabokosi ka ku Namitete batire ikatha unkayambiranso pachiyambi, koma apa magetsi akathima, monga ankachitira kawirikawiri, mwana ankadzapitiriza pamene anasiyira.

2011: Mlandu

Mvula itakhazikika, fodya anayamba kucha m'minda, ndipo mavuto anga anacha naye limodzi. Kunamveka mbiri m'midzi yakuti Anabanda atsegula juga kusukulu, ana akumaweruka dzuwa litapendeka, maso ali psuu. Nkhani inafika kumpingo, inafika kwa atcheya a komiti, a Kachiwanda, mlimi wamkulu amene mawu ake sankabwezedwa. Anaitanitsa msonkhano. Dzulo lake a Malunga anandiitanira mu ofesi, n'kutseka chitseko.

“Madamu, fufutani zonse lero,” anatero motsitsa mawu. “Mawa tikanena kuti ndi mphekesera chabe. Ine ndikuikirani kumbuyo.”

Ankandifunira zabwino, ndipo njira yawo inali yapafupi. Koma ndikafufuta, ndinkaona kuti ana asiya kubwera bwana uja asanafike, makompyuta apita. Ndikakana, komiti ikhoza kutseka chipindacho mawa lomwelo, makompyuta apitabe. Kunyumba ndinayesa kufunsa maganizo kwa abambo anu. Anandiyankha kuti za komiti sakambira pakhonde, n'kunyamula khasu. Ndinakwiya nawo mpaka ndiwo ndinathira mchere wambiri dala. Chimene chinandithandiza kusankha ndi ana aja. Sukulu yonse inkadziwa zimene tinkachita Lachisanu. Ndikanaima pamaso pa makolo n'kunama, Lolemba lake ndikanawayang'ana bwanji? M'mawa ndinauza ahedi kuti sindifufuta kanthu, ndikayankha ndekha.

Msonkhano unayambira pansi pa mtengo wa mango, ndi pemphero lalitali. Abambo anu anakhala kumapeto kwa benchi, akuyang'ana nsapato zawo. Nditafunsidwa, ndinavomera kuti magemu alipo, ndinawaika ndine, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Ena anayamba kung'ung'udza kuti atseke basi. A Kachiwanda anakweza dzanja, n'kunena kuti mlandu wa malire sagamulira pansi pa mtengo, amapita kumunda kukaona pamene khasu ladutsa. Choncho komiti yonse ndi makolo ena tinalowa m'chipinda muja, azibambo atavula zipewa. Ndinaitana Enelesi ndi mnyamata mmodzi. Anayatsa okha, anatayipa ndime zawo zala zikuthamanga, kenaka anayamba mpikisano. Atcheya anaonerera mpaka kumapeto, atatsamira ndodo.

“Kodi wopambana amalandira chiyani?” anafunsa.

“Palibe, atcheya.”

“Nanga woluza amasiya chiyani?”

“Amasiya mpando, kuti mnzake akhalepo.”

“Mpando wokha, eti?” Anatembenukira kwa anzawo. “Juga imene ndikuidziwa ine, munthu amabwerako wopanda malaya. Uyu malaya ali nawo.”

Anthu anaseka, koma mayi wina, amake a mnyamata uja, anaimirira osaseka. Anati iwo za juga sakuzidziwa, chimene akudziwa n'chakuti fodya akupsa m'munda, m'chigafa mulibe wosoka, pamene mwana wawo ali pano kuthamangitsa galimoto yosanyamula ngakhale mtolo umodzi. Ananena zoona, ndipo ine mkazi wa mlimi ndinkazidziwa bwino. Kenaka mkulu wina anati ngakhale isakhale juga, chinthuchi sachidziwa, ndipo chosadziwika chikhoza kuononga mitu ya ana. A Kachiwanda anafunsa ngati pagululo panali munthu wamkulu, wa nzeru zake, amene anachigwirapo. Ndiye kumapeto kwa chipinda dzanja linakwera pang'onopang'ono. Linali la abambo anu.

Anakonza kukhosi, n'kunena kuti ali ku Namitete anasewera chinthu chimenechi pafupifupi chaka chathunthu, Lachinayi lililonse mayi akapita ku chigwirizano ana ali kosewera. Anati mutu wawo sunasokonekere, Baibulo sanasiye kuwerenga, ndipo chimene anataya ndi makina okhawo, poti tsiku lina anamva mayi akubwera, ndipo pofuna kubwezera mawaya mmene anawapezera anawatembenuza chifukwa chothamanga. Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. A Malunga anachita kugwira khoma. Ine ndinayang'ana mwamuna wanga, mkulu wa mpingo wathunthu, ndipo sindinadziwe kuti ndimukumbatire kapena ndimugende ndi dasita. Chisomo, ukawerenga apa upite ukawafunse wekha za kamtengo kaja.

Kusekako kunamasula anthu. Atcheya anati nawo ayeseko, ena anati nafenso, ndipo makompyuta anayi sanakwane. A Kachiwanda analamula kuti avundukule osungidwa aja. Pochotsa chiguduli choyamba munatuluka mavu. Pachiwiri tinapeza chisa cha mbewa, mawaya atatafunidwa. Ina inali yodzaza nyerere, ina itachita dzimbiri chifukwa cha chinyezi chimene ziguduli zinkasunga. Mwa khumi ndi awiri aja, asanu anakana kuyaka, pamene anayi amene ana ankawagogoda sabata ndi sabata anali amoyo bwinobwino. Atcheya anayang'ana tinsalu toluka tija, napukusa mutu, n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Palibe amene analoza mnzake chala, poti nzeru ya ziguduli inali ya tonse.

Chigamulo chinali chotere: si juga, ziguduli zichoke, makompyuta onse amoyo agwire ntchito. Koma magemu aime kufikira fodya atalowa m'zigafa, ndipo nthawi ya kalasi ana aziphunzira zenizeni zokha. Ndinathokoza mwaulemu, koma vuto lake ndinaliona. Kusoka fodya kunali kudzatha bwana uja atabwera kale. Nyambo yanga inachotsedwa nthawi yeniyeni imene ndinkaifuna. Komabe ndinali nditasankha chilungamo, sindikanachisiyira panjira. Tsiku lomwelo, atcheya akuona, ndinachotsa emyuleta m'makompyuta onse.

Masabata amenewo Yohane anabwera kudzaukitsa makompyuta odwala, ndipo awiri anadzukadi. Pofuna kundisangalatsa ankandiuza za kutsogolo. Anati tsiku lina magemu onsewa adzakwana m'foni ya m'thumba, ndipo akale adzaoneka bwino pa kompyuta kuposa mmene ankaonekera pa makina awo enieni. Ndinamuuza kuti asiye kulota masana. Lero ndikulemba izi ndikuvomera kuti mlongo wanga ananena zoona. Laputopu imene munandigulira imayendetsa magemu a madisiki amene ankalemera aja osatentha n'komwe, mizere yake yosalala, ndipo ndaona makondakitala pa siteji ya Nsaru akusewera mpira wathu wa ku Namitete pafoni podikira anthu. Ndimamva kuti ngakhale makina a zaka zaposachedwapa anthu a dima aja ayamba kale kuwaphunzira. Eni magemu ena amakwiya nazo, ndipo sindiwada, wolima amafuna kukolola. Koma makina amafa, madisiki amakalika, ndipo a masiku ano ambiri alibe ndi kaseti yomwe yoti ukulunge m'chitenje. Mwini wake akadzatseka sitolo, magemu amene adzatsale ndi okhawo amene wina anawaphunzitsa kukhala m'nyumba ya eni. Ine ndikuona kuti kutsogoloku emyuleta idzakhala nkhokwe ya mbewu, ndipo eni ake ndi osunga adzayenera kukhala pansi n'kumvana. Izi ndi za lero. Nthawi imeneyo sindinkaona patali chotero, maso anga anali pamsewu wochokera ku Lilongwe.

Tsiku la bwana linafika teremu ikutha. Ahedi analengeza pa asembule kuti ofuna kulembetsa phunziro la makompyuta apite kuchipinda chija ikakwana nthawi yopuma, ndipo anabwereza kawiri kuti kulibe magemu. Ine ndinakhala m'chipinda cha aphunzitsi ndikuchonga makope amene ndinali nditachonga kale. Ndinamva galimoto ikulowa pageti. Inali yosatseka kumbuyo, ndipo dalaivala anayamba kumasula zingwe zomangira katundu. Ndinatenga makiyi, n'kuzungulira kuseri kwa buloko.

Mzere unayambira pakhomo mpaka kukafika kumjigo. Ena anali ndi phula la fodya lakuda m'zala, poti anali atasoka m'mamawa asanabwere. Atsikana anali kutsogolo, Enelesi akuwandandalitsa ngati kapitawo. Ndinalephera kulowetsa kiyi pabowo, anachita kunditsegulira ndi a Malunga. Ana analowa, atatuatatu pa kompyuta imodzi, ena kukhala pansi, ndipo popanda wowauza anayatsa, anatsegula mafoda awo, chipinda chonse n'kuyamba kulira mabatani. Bwana uja anasowa poponda. Anaima pakhomo akuwerenga mitu, anasokoneza, anayambiranso. Kenaka anafunsa kuti tawakopa bwanji atsikana onsewa, poti sukulu zina zalephera. Ndisanatsegule pakamwa, a Kachiwanda, amene anabwera atavala jekete la kutchalitchi, anayankha kuti komiti inakhala pansi n'kuona njira. Ndinawasiya adye ulemuwo, unali wokwanira tonse.

Dalaivala anapindanso zingwe zake. Ndinaima pakhonde ndikuyang'ana galimoto ija ikutuluka pageti, kumbuyo kuli mbee, ikudumpha m'maenje chifukwa chopepuka. Misozi inatsika, ndipo sindinaibise. Ndili chiimire choncho ndinamva mawu a kamtsikana ka Fomu 1 kuchokera m'kati, kakuitana mosaopa, ngati kakuitana amake kumunda: “Madamu, tabwerani, yangayi yaima.”

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito, sindinamvepo dandaulo lokoma ngati limenelo. Ndinapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kulowa.